Mafunso Anu: Kachizindikiro Kosaoneka, Tsamba Lochedwa Kutseguka ndi Zaulere za pa Intaneti

Mwezi uno tikuyankha owerenga omwe ali ndi mawebusaiti awoawo.

Ndimagulitsa makeke ndipo webusaiti yanga ili pa WordPress. Ndinasintha kachizindikiro kamene kamaoneka pamwamba pa brawuza, pambali pa dzina la tsamba, koma papita sabata kakuonekabe kakale. Pa foni ya mwana wanga ndiye sikaoneka n'komwe. Ndalakwitsa pati?
*Mayi wa ku Zomba*

Mayi, mwina palibe chomwe mwalakwitsa. Kachizindikiro kameneka kamatchedwa favicon, ndipo kanayamba mu 1999 ndi Internet Explorer 5. Khalidwe lake ndi loti brawuza ikakatenga kamodzi imakasunga, sifulumira kukafunsanso kwa seva, kompyuta yomwe imasunga webusaiti yanu. Chrome imasunga tizizindikiro timeneti m'fayilo yakeyake, padera ndi zithunzi zina za tsamba, n'chifukwa chake mutha kudina Ctrl ndi F5 kangapo kakale kaja osachoka. Za foni ya mwana wanu zisakudetseni nkhawa. Chrome ya pa foni siionetsa favicon pambali pa adiresi. Mumakaona mukatsegula mndandanda wa ma tab onse, kapena mu History.

Yambani ndi kudziwa ngati vuto lili pa seva kapena pa kompyuta yanu yokha. Bwerekani kompyuta yomwe sinatsegulepo webusaiti yanu chiyambire. Kakaoneka katsopano, ntchito munaigwira bwino, kwatsala n'kudikira kuti brawuza yanu iiwale kakale. Kakapanda kuoneka, tsegulani tsamba loyamba, dinani Ctrl ndi U kuti muone khodi yake, kenako Ctrl ndi F n'kulemba `rel="icon"`. Mupeza mzere wokhala ndi adiresi ya fayilo. Dinani adiresiyo muone chomwe chituluke.

Chikatuluka chithunzi chakale, pali chinthu chomwe chikugawabe tsamba lakale. Nthawi zambiri ndi plugin ya cache, kapulogalamu koonjezera pa WordPress kosunga makope a masamba, monga LiteSpeed Cache kapena W3 Total Cache, ndipo mankhwala ake ndi batani la Purge All. Mukapeza mizere iwiri ya `rel="icon"` yolozera zithunzi zosiyana, ndiye kuti theme yanu, yomwe imakonza maonekedwe a webusaiti, ili ndi malo akeake oikapo favicon ndipo ikulimbana ndi ya WordPress. Chotsani ya theme. Malo oyenera ndi Settings, General, Site Icon, ngati WordPress yanu ndi 6.5 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Pa yakale pitani ku Appearance, Customize, Site Identity. Chithunzi chikhale cha mbali zofanana, mapikiselo osachepera 512 mulitali ndi mulifupi, ndipo WordPress idula yokha timasaizi tina tonse. Mukaona chilembo cha W m'malo mwa chizindikiro chanu, Site Icon sinaikidwe, WordPress yangoikapo chake.

Ikatuluka 404, fayilo palibe pamalo omwe khodi ikulozera. Izi zimagwera kwambiri omwe analemba webusaiti pamanja. Ma seva ambiri amayendera Linux, yomwe imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kotero `Favicon.PNG` ndi `favicon.png` ndi mafayilo awiri osiyana, pamene pa Windows yomwe munayeserapo zinali chimodzimodzi. China ndi kamzere kopendekera koyambirira. Mukalemba `href="favicon.ico"` zigwira pa tsamba loyamba, koma pa tsamba lomwe lili mkati mwa foda brawuza ikafunafuna fayiloyo m'fodamo n'kuisowa. Lembani `href="/favicon.ico"`. Onaninso kuti adiresi isayambe ndi http pamene webusaiti ili pa https.

Kwa olemba pamanja, mafayilo ofunika ndi `favicon.ico` ya mapikiselo 32 mu foda yaikulu ya webusaiti, `apple-touch-icon.png` ya 180 ya ma iPhone, ndi ma PNG awiri a 192 ndi 512 olembedwa mu fayilo yofotokoza webusaiti yotchedwa manifest, omwe Android imagwiritsa ntchito munthu akaika tsamba lanu pa sikirini ya foni. Mukafuna kuti aliyense aone katsopano lero lomwe, onjezani `?v=2` kumapeto kwa adiresi ya fayilo, brawuza iyesa kuti ndi fayilo ina n'kuitenganso.

Tinenepo za kapangidwe, chifukwa ambiri amaphonya apa. Pa tab kachizindikiroka kamakhala mapikiselo 16 okha. Logo yonse yokhala ndi keke, maluwa, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni imangosanduka kadontho kodetsedwa. Tengani chinthu chimodzi, chilembo choyamba cha dzina kapena keke yokhayo. Ikani mtundu kumbuyo kwake, chifukwa iPhone imadzaza ndi wakuda malo onse oonekera, ndipo chilembo chakuda chopanda mtundu kumbuyo chimasowa kwa munthu amene brawuza yake anaiika pa dark mode.

Pa Google webusaiti ya sukulu yathu imabwera ndi kachithunzi ka dziko lapansi m'malo mwa baji yathu. Tikatumiza linki pa WhatsApp imapita yopanda chithunzi. Kodi ndi vuto limodzi?
*Mphunzitsi wa ku Kasungu*

Aphunzitsi, ndi mavuto awiri. Google imatenga favicon kuchokera pa tsamba loyamba, ndipo imalola imodzi yokha pa dzina lililonse la webusaiti. Ngati sukulu yanu ili mu foda ya webusaiti ya ena, ioneka ya eni akewo. Chithunzi chikhale cha mbali zofanana, choposa mapikiselo 48, ndipo fayilo ya `robots.txt` isatsekereze Googlebot, pulogalamu ya Google yowerenga mawebusaiti, kufika pa tsamba loyamba kapena pa foda ya zithunzi. Zikakhala bwino, lowani mu Search Console ya Google, ikani adiresi ya tsamba loyamba mu URL Inspection, dinani Request Indexing. Zimatenga masiku angapo, mwina masabata, ndiye musamasinthesinthe dzina la fayilo podikira.

WhatsApp ndi Facebook zimafuna mzere wina wotchedwa `og:image`. Konzani chithunzi cha JPG cha 1200 mulifupi ndi 630 mulitali, chopepuka, ife timalangiza chisapitirire 300 KB, ndipo adiresi yake ilembedwe yonse kuyambira pa https. Pa WordPress, Yoast SEO kapena Rank Math ili ndi malo oikapo chithunzichi. Mukamaliza ikani linki mu Sharing Debugger ya Facebook n'kudina Scrape Again. Poyesa pa WhatsApp onjezani `?1` kumapeto kwa linki kuti isakuonetseni zomwe inasunga kale, ndipo dikirani chithunzi chituluke musanadine batani lotumizira.

Tili ndi malo ogona alendo kunyanja. Alendo akudandaula kuti webusaiti yathu imachedwa kutseguka pa foni. Mnyamata amene anatipangira wayesa liwiro lake pa PageSpeed Insights ya Google, yapeza 28 pa 100, ndipo akuti tilipire hosting (malo osungira webusaiti pa seva) yodula. Ndi zoona?
*Bambo wa ku Mangochi*

Bambo, musatulutse kaye ndalama. Mawebusaiti a malo ogona alendo nthenda yawo yodziwika ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu foni chimalemera 3 mpaka 5 MB, mulifupi mwake mapikiselo 4000 kapena kuposa. PageSpeed ikamayesa za foni imayerekeza netiweki ya 1.6 Mbps, ndipo pa liwiro limenelo chithunzi cha 4 MB chimatenga masekondi 20. Pamwamba pa tsamba pakakhala zithunzi 6 zosinthana, za nyanja, za zipinda, za chambo chili m'mbale, ndi mphindi ziwiri zimenezo. Ndi 24 MB yomwe ikuchoka pa bandulo ya mlendo wanu asanaone n'komwe mtengo wa chipinda. Minibasi ikadzazidwa matumba a chimanga mpaka padenga, kuipatsa msewu watsopano sikuipepuza. Seva yodula nayonso idzatumiza 24 MB yomweyo.

Mutha kudzionera nokha. Tsegulani webusaiti pa Chrome ya pa kompyuta, dinani F12, sankhani Network, chongani Disable cache, kenako tsegulaninso tsamba. Pansi penipeni palembedwa chiwerengero cha mafayilo omwe atengedwa ndi ma MB awo onse. Dinani mutu wa Size kuti olemera abwere pamwamba. Mafayilo asanu oyambirira akuuzani komwe kuli vuto. Kwa owerenga a pa foni, tsamba loyamba lisapitirire 1.5 MB.

Kuchepetsa zithunzi sikufuna ndalama. Pitani pa squoosh.app, kokerani chithunzi mmenemo, yatsani Resize. Chachikulu cha pamwamba chipatseni mulifupi wa 1600, za zipinda 800. Sankhani WebP, ikani quality pa 75, yerekezani mbali ziwirizo ndi maso. Nthawi zambiri chithunzi cha 4 MB chimatsika kufika pakati pa 100 ndi 200 KB diso osaona kusiyana. Squoosh imagwira ntchitoyi m'kompyuta yanu momwemo, chithunzi sichitumizidwa kwina kulikonse. Zithunzi zosinthana zija zichotseni, musiye chimodzi chabwino kwambiri. Kanema woyamba yekha kusewera naye achoke.

Mnyamata wanuyo aone zinthu izi mu khodi. Chithunzi chilichonse chikhale ndi `width` ndi `height`, kuti brawuza isungiretu malo ake, apo ayi mawu amadumpha chithunzi chikafika ndipo munthu amadina polakwika. Zithunzi za m'munsi zikhale ndi `loading="lazy"`, kuti zitengedwe munthu akayandikira pomwe zili. WordPress imachita izi yokha kuyambira pa 5.5, koma ma plugin ena amaikanso lazy pa chithunzi cha pamwamba, ndipo kumeneko n'kuchedwetsa chinthu chomwe chikufunika poyamba. Mapu a Google ndi kanema wa YouTube oikidwa mkati mwa tsamba amakoka mafayilo ambiri ngakhale munthu asawakhudze. Ikani chithunzi cha mapu chokhala ndi linki, amene akufuna njira adina yekha. Ma plugin achuluka? Sungani kaye backup, kenako zimitsani imodziimodzi mukuyesa, mupeza yomwe ikulemetsa.

Nambala ya 28 ija musaiope kwambiri, ndipo musathamangire 100. Imasinthasintha mukayesa kangapo, ndiye yesani katatu mutenge yapakati. Zofunika ndi nambala zitatu zomwe Google imayang'ana. LCP ndi nthawi yomwe chinthu chachikulu cha pamwamba chimatenga kuti chioneke, isapitirire masekondi 2.5. INP ndi kuchedwa kwa tsamba kuyankha munthu akadina, isapitirire 200 ms, ndipo inalowa m'malo mwa muyeso wakale wa FID mu March 2024. CLS ndi kudumpha kuja, isapitirire 0.1. Gawo la pamwamba pa lipoti limachokera kwa anthu enieni ogwiritsa ntchito Chrome m'masiku 28 apitawo. Likalemba No Data si vuto, kungoti alendo a webusaiti yanu sanachuluke mokwanira.

Ilipo nthawi yomwe hosting imakhaladi ndi mlandu. Mu Network muja dinani mzere woyamba, womwe ndi tsamba lenilenilo, sankhani Timing, onani Waiting for server response. Ikamapitirira masekondi 0.8 nthawi zonse, seva ikuchedwa kukonza tsamba. Ngakhale pamenepo yambani ndi kuyatsa plugin ya cache ndi kukweza PHP, chilankhulo chomwe WordPress imayendera, kufika pa 8 mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting yanu, mutayesa kaye kuti theme yanu ikugwirizana nayo. Zikakanika m'pamene mungasamuke, ndipo posamuka funsani komwe seva ili. Intaneti ya Malawi imadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique isanafike pa zingwe za pansi pa nyanja, ndiye seva ya ku America ili kutali ndi mlendo wa ku Lilongwe kuposa ya ku Johannesburg. Ngati ambiri osungitsa zipinda ali ku Ulaya, seva ya ku Ulaya ndi yabwino. Cloudflare yaulere imathandiza posunga makope a zithunzi zanu pafupi ndi owerenga, mwachitsanzo ku Johannesburg ndi Nairobi, koma dziwani kuti chilichonse chopita ku webusaiti yanu chidzadutsa m'makina awo.

Bungwe lathu limapereka uphungu kwa achinyamata omwe ali ndi HIV. Pa webusaiti tili ndi fomu ya Google Forms, Google Analytics, Meta Pixel ndi zilembo za Google Fonts, zonse zaulere. Mmodzi wa a bodi akuti tikuulula zinsinsi za anthu. Ife sitinauze munthu kanthu. Akunena zoona?
*Mkulu wa bungwe, Blantyre*

Akunena zoona, ndipo pa ntchito ngati yanu nkhaniyi si yozengereza. Chimachitika n'chakuti brawuza ya wachinyamata uja ikamatsegula tsamba lanu siilankhula ndi seva yanu yokha. Fayilo iliyonse yochokera kwa kampani ina imakatengedwa kwa kampaniyo, ndipo pokatenga brawuza imapereka adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa foni kapena kompyuta pa intaneti), mtundu wa foni ndi dzina la webusaiti yomwe munthu ali. Izi zimachitika ngakhale pa zilembo chabe. Mu January 2022 khoti la ku Munich linalamula mwini webusaiti wina kulipira mlendo wa tsamba lake ma euro 100 chifukwa Google Fonts inapereka IP yake kwa Google iye asanavomere.

Script ndiye imaona zambiri kuposa pamenepo. Analytics ndi Pixel ndi mapulogalamu omwe amagwira ntchito mkati mwa tsamba lanu, amawerenga adiresi yonse ya tsamba, mutu wake ndi zomwe munthu akudina. Adiresi ikakhala ndi mawu oti thandizo la HIV, mawuwo amapita nawo. Pixel inapangidwa kuti ilumikize mlendo wa tsamba ndi akaunti yake ya Facebook kapena Instagram pofuna kumuonetsa zotsatsa malonda. Ngati simukulipira zotsatsa pa Facebook, palibe chomwe ikukuthandizani, ichotseni lero. Ngati mukulipira, isapezeke pa masamba a uphungu ndi a fomu.

Lamulo naloso likukukhudzani. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe MACRA ndiyo ikuyang'anira, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lofuna chitetezo chapadera. Owerenga athu a ku Zambia ali ndi lamulo lawo la 2021, a ku South Africa ali ndi POPIA, yomwe inayamba kugwira ntchito yonse pa 1 July 2021.

Kuti mudziwe omwe akulandira uthenga wa alendo anu, dinani F12, Network, dinani kumanja pa mitu ya mizere n'kuyatsa Domain. Dzina lililonse lomwe si la webusaiti yanu lilembeni papepala, ndipo pa lililonse funsani ngati likufunikadi. Zilembo za Google Fonts zimaloledwa kutsitsa, ndiye tsitsani mafayilo a woff2, ikani pa seva yanu, mitundu iwiri ikukwanira, ndipo tsamba lipepukanso. Mabatani a Share akhale malinki wamba, omwe sachita kanthu mpaka munthu atadina. Ngati mukungofuna kudziwa kuti alendo ndi angati pa lipoti la opereka thandizo, cPanel zambiri zili ndi AWStats yomwe imawerenga kuchokera pa seva yanu, kapena ikani Matomo pa seva yomweyo n'kuyatsa kubisa IP. Pa makanema, adiresi ya youtube-nocookie.com imachepetsa ma cookie, timafayilo tomwe webusaiti imasiya mu brawuza kuti imuzindikire munthu, koma brawuza imalankhulabe ndi Google.

Fomu ndiyo ikutidetsa nkhawa kwambiri, ndipo pamenepa choopsa chachikulu ndi mmene inu munaitchera. Tsegulani Google Sheet yomwe mayankho amagwera, dinani Share. Ikakhala pa Anyone with the link, aliyense amene linkiyo inamufikira, ngakhale kudzera pa gulu la WhatsApp chaka chatha, akutha kuwerenga maina ndi manambala onse. Sinthani ikhale Restricted, muike anthu awiri kapena atatu okha otchulidwa ndi imelo. Mu Settings ya fomu zimitsani View results summary, chifukwa ikayaka woyankha aliyense amaona mayankho a anzake. Funsaninso kuti fomuyo ili mu akaunti ya ndani. Ikakhala mu Gmail ya wantchito mmodzi, tsiku lomwe adzasiye ntchito adzapita ndi mndandanda wonse. Isamutsireni ku akaunti ya bungwe yokhala ndi 2-Step Verification. Chepetsani mafunso. Kuti mlangizi ayimbire munthu akufunika nambala ya foni ndi nthawi yabwino yoyimbira basi. Dzina lonse, mudzi ndi zotsatira za magazi zikambidwe pamaso. Mayankho omwe ntchito yawo yatha muzifufuta, ndipo pamwamba pa fomu lembani m'Chichewa chomveka kuti adzawerenga ndani ndipo zisungidwa kwa nthawi yaitali bwanji.

Zithunzi za misonkhano nazo muzisamala. Foni zambiri zimalemba malo omwe chithunzi chajambulidwa mkati mwa fayilo. Pa Windows dinani kumanja, Properties, Details, Remove Properties and Personal Information musanachiike pa webusaiti.

Sitikunena kuti chaulere chilichonse n'choipa. Setifiketi ya https ya Let's Encrypt ndi yaulere, imachokera ku bungwe losapanga phindu, imadzikonzanso yokha nthawi yake isanathe, ndipo fomu yanu isakhale pa tsamba lopanda https. WordPress ndi Matomo nazo ndi zaulere ndipo zimakhala pa seva yanu. Chofunika kufunsa pa chilichonse n'chakuti mwini wake ndalama amazipeza bwanji.

Ndine wophunzira, ndalama ndilibe. Ndapeza hosting yaulere komanso theme yolipira yomwe wina akugawa ulere pa Telegram. Ndiyambe nazo?
*Wophunzira wa ku Mzuzu*

Achimwene, theme imeneyo isiyeni. Zoterezi zimatchedwa nulled, ndipo amene anachotsa loko wake amatha kuikamo khomo lake lobisika. Chizindikiro chake chimachedwa kuoneka. Inu mukatsegula tsamba zonse zili bwino, koma munthu wochokera pa Google pa foni amaponyedwa ku webusaiti ya juga. Lembani `site:` motsatana ndi dzina la webusaiti yanu pa Google, mukaona masamba a mankhwala kapena a zilankhulo zomwe simunalembe, alowa kale. Ma theme aulere a pa wordpress.org amaunikidwa asanaikidwe ndipo akukwanirani.

Chenjezo lomweli likukhudza script iliyonse yomwe mumakoka kwa ena. Mu 2024 dzina la polyfill.io linagulitsidwa, ndipo pofika June chaka chomwecho linapezeka likutumiza khodi yoipa ku mawebusaiti oposa 100,000 omwe eni ake sanasinthe kanthu. Fayilo yomwe mungathe kuisunga pa seva yanu, isungeni.

Hosting yaulere ndi yabwino pophunzirira, koma osasungapo zinthu za anthu. 000webhost inabedwa ma akaunti oposa 13 miliyoni mu 2015, mapasiwedi ake ali osabisidwa, ndipo inatsekedwa mu 2024. Freenom, yomwe inkagawa maina aulere othera ndi .tk, inasiya kulembetsa atsopano mu 2023. Ngati tsamba lanu ndi la HTML, CSS ndi JavaScript zokha, GitHub Pages kapena Cloudflare Pages ndi zaulere, zachangu, zili ndi https ndipo siziika zotsatsa malonda. Ngati ndi lolembapo nkhani, Blogger ikukwanirani.

Ndalama yoyamba yomwe mudzapeze mugulire dzina la webusaiti, kaya .com kaya .mw, ndipo lilembedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya munthu amene wakuthandizani. Dzina likakhala lanu mutha kusamuka hosting usiku umodzi malinki onse osafa. Pasiwedi ya hosting isafanane ndi ya imelo. Kamodzi pa sabata tsitsani mafayilo onse, ndipo ngati muli pa WordPress lowani mu phpMyAdmin, sankhani database, dinani Export, musunge fayilo ya .sql pa kompyuta ndi pa flash. Backup yomwe ili pa seva yomweyo imafa limodzi ndi seva. Kamodzi yesani kuibwezeretsa pa kompyuta yanu pogwiritsa ntchito XAMPP, kuti mutsimikize kuti fayiloyo imatseguka.